Phukusi la Teleneti

Ana anga, za kumene ndinabadwira ndi mmene ndinkajombera kusukulu munamva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa ine. Pano ndilemba za ntchito. Makamaka ndilemba za lipoti la masamba awiri limene ndinalemba kutatsala zaka zinayi kuti ndipume, lipoti limene likanachotsetsa ntchito munthu wosalakwa, ine n'kutuluka ngwazi. Koma kuti lipotilo mulimvetse, muyambe mwamudziwa teleneti.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ku boma la Nkhotakota

Ndinatsika basi ndi sutikesi imodzi, satifiketi ya zamakompyuta, ndi amayi anu ali ndi pakati pa iwe Tiyamike. Bungwe limene linandilemba ntchito linkayang'anira alimi a mpunga wa mthirira. Ofesi inali ku boma, koma minda ndi mapampu opopa madzi zinali kutali, ku Nkhunga. Abwana anga anali a Mkandawire, munthu wa kumpoto, wamfupi, wokonda kuyenda ndi zolembera zitatu m'thumba la malaya ngakhale kuti yolemba inali imodzi. Tsiku loyamba anandilowetsa m'kachipinda kotentha, nandiloza kompyuta yofundidwa nsalu ya patebulo. "Iyi ndi yanu, a Mwale," anatero. "Azungu amene anaika mapampu anati imayankhula nawo. Ine sindinaimvepo."

Inkayankhuladi. Pa pampu iliyonse panali kabokosi kachitsulo kamene kankayatsa ndi kuzimitsa mota, ndipo kabokosiko kanalumikizidwa ndi ofesi kudzera pa nsanja ya wailesi. Chinenero chake chinali chimodzi chokha, teleneti. Teleneti ndi kapulogalamu kakang'ono. Ukalemba dzina lake ndi nambala ya makina akutali, pamatseguka windo lakuda lokufunsa dzina ndi mawu achinsinsi, ndipo ukayankha bwino zimakhala ngati waima pamakinawo ndi manja ako. Masiku amenewo teleneti sunkachita kumufunafuna. Ankabwera pamodzi ndi sisitimu, ndiye kuti pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, monga nyumba ya lendi imabwerera ndi chitseko chake. Sisitimu yathu inali yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana, ndipo tinkaikonda chifukwa inkapirira makina okalamba.

Woyang'anira nyumba ya mapampu anali Che Bwanali, Msilamu wa banja lakale la m'tauni ya Nkhotakota, wamtali, wosafulumira pa chilichonse. Poyamba sanandikhulupirire. Anandiitana pa wailesi yoyankhulirana nati, "Bwana wa kompyuta, ndaima pa pampu yachiwiri, manja ndaika kumbuyo. Yatsani tione." Ndinalemba mawu atatu, ndipo pawailesipo ndinamva mota ikudzuka. Kenako anati, "Mashaallah. Ndiye ine ndizingosesa?" Kuyambira pamenepo anayamba kunditcha a Teleneti, ndipo dzinalo linafalikira mpaka kwa amayi ogulitsa usipa pamsika, amene ankaganiza kuti ndi mfunda wa kwathu.

Ndimazisowa zaka zimenezo, sindibisa. Tinkasowa chilichonse. Madisiketi ankachita nkhungu ya chinyezi m'kabati, ndipo nkhungu zinazo, touluka ta kunyanja tija, zikabwera ngati utsi zinkadzaza m'mafani a kompyuta, ine n'kumazichotsa ndi nthenga ya nkhuku. Magetsi ankazima ukulemba lamulo lili pakati. Koma windo lakuda lija likatseguka, mtima unkakhala pansi. Silinkafuna zithunzi, silinkafuna netiweki yamphamvu, linkadutsa ngakhale pamene wailesi ikulira ngati mafuta m'chiwaya. Mawu anga achinsinsi anali dzina la amayi anu, Nachisale. Ndinkalilemba kangapo patsiku kwa zaka zoposa khumi, ndipo zala zinkalidziwa zokha.

Zaka zotsatira, atabwera Asiyatu

Bungwe litakula, likulu lathu la ku Lilongwe linatitumizira katswiri wachiwiri, Asiyatu Jafali. Anali mayi wa ana awiri, wochokera ku Ngala, wophunzira kuposa ine, ndipo ankavala mpango wake mwaudongo ngakhale tikukwera nsanja. Sankayankhula zambiri. Atatha mwezi umodzi anabwera pa desiki yanga ndi kapepala kopinda, nakaika pafupi ndi kapu yanga ya tiyi. Nditatsegula ndinapeza palembedwa kuti nachisale.

"Mwalitenga kuti?" ndinafunsa.

"Pawaya, bambo. Teleneti sabisa kanthu. Chilichonse chimene mwalemba chimayenda poyera, ndipo aliyense wolumikiza kompyuta yake panjira akhoza kuwerenga. Pepani, koma dzina la amayi likuyenda msewu wonse wa ku Dwangwa aliyense akuliona."

Anandifotokozera kuti munthu wodziwa akhoza kutenga mawuwo n'kupatutsira madzi kumunda kwake, kapena kuotcha mota. Anati pali pulogalamu ina, ssh, imene imagwira ntchito yomweyo koma imabisa mawu. Ndinkaidziwa, sindinali mbuli. Koma timabokosi ta mapampu sitinkaimva, ndipo ine, kunena zoona, sindinkafuna kuphunzitsidwa ndi munthu amene ndinamulandira ndekha pageti. Ndinamuuza kuti ku Nkhunga kulibe akuba a pawaya, kuli akuba a nthochi. Anaseka mwaulemu, natenga kapepala kake n'kukaika m'chikwama.

Posakhalitsa anthu olemba sisitimu aja nawonso anayamba kukangana pa bwalo lawo la makalata a pa intaneti. Ena ankati teleneti ndi timapulogalamu tina ta msinkhu wake tachita ukalamba, tichotsedwe m'thupi la sisitimu, tiikidwe padera m'mapukusi, wofuna azikatenga yekha pa intaneti. Ankati chinthu chokhala m'thupi chimafunika wochisamalira mpaka kalekale, ndipo chikapezeka paliponse anthu amachigwiritsa ntchito mosaganiza. Ena ankati chisiyeni, chimapulumutsa munthu tsiku la tsoka. Ine ndinalemba kalata yanga m'Chingerezi cha pa Sande, Asiyatu n'kundikonzera malembo ngakhale sankagwirizana nayo. Munthu wina anandiyankha mwaulemu kuti ndisade nkhawa, kutenga phukusilo ndi lamulo la mzere umodzi basi. Ndikanamufotokozera bwanji munthu amene kwawo intaneti imatuluka ngati madzi a pampopi, kuti kwathu kuno imabwera ngati mlendo? Anthu ochotsa anapambana.

Nditawauza a Mkandawire kuti m'sisitimu yatsopano teleneti azibwera m'phukusi, anagwedeza mutu ngati amva. Mawa lake ndinapeza dalaivala palibe. Anali atamutuma ku depoti ya basi kukafunsa ngati phukusi la a Mwale lafika, ndipo atalisowa anapitirira ku positi ofesi. Tinaseka sabata yonse. A Mkandawire sanakwiye, koma anati, "Yayi, inu anthu a makompyuta, phukusi losamangidwa ndi phukusi lanji?" Kuyambira pamenepo akandiona pakhonde ankafunsa kuti phukusi lija lafika kodi.

Okutobala wa chaka chimene mafuta ankasowa

Likulu linalamula kuti makompyuta onse aikidwe sisitimu yatsopano. Ntchitoyo inagwera Asiyatu. Lolemba lake, tili awiri m'kachipinda kathu, anandipatsa fulashi yatsopano, kachipangizo kosungiramo za pakompyuta, nati, "Bambo, ine ndikuyamba kuika sisitimu. Inu mukopere phukusi la teleneti apa intaneti ikadalipo, tizikhala nalo pamanja chifukwa cha mapampu." Ndinati ndichita. Koma mumtima ndinali ndi kamkwiyo ka mwana wolandidwa chidole. Ndinati amene anamuchotsa akamubwezere okha, n'kuponya fulashiyo m'dilowa. Sindinkafuna kuti zinthu ziwonongeke, ndinkangofuna kuti adzandipemphe kawiri. Kenako ndinaiwala, ndipo pofika Lachinayi panalibe kompyuta ndi imodzi yomwe ya bungwe yokhala ndi teleneti.

Loweruka masana kunagwa chizimalupsa. Mvulayo sinanyowetse n'komwe nthaka, koma mphezi inamenya nsanja imene inkanyamula wailesi yathu pamodzi ndi netiweki ya mafoni ya dera lonselo. Kabokosi ka mapampu kanadzitseka kokha, monga kanapangidwira, kuti mota isapse. Kuti katseguke pankafunika munthu alowe ndi teleneti. Inali nthawi ya nazale, mbande za mpunga zili zazifupi ngati chala, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Mbande zotere zikakhala masiku awiri osamwa zimayamba kupiringizika.

Ine ndi Asiyatu tinapita ku Nkhunga Lamlungu m'mawa ndi timafuta totsiriza ta m'galimoto. Tinapeza alimi atadzaza pa nyumba ya mapampu, ena atanyamula makeni. Ndinalowa monyadira, a Teleneti afika, ndinalumikiza waya kuchoka pa laputopu kupita pa kabokosi, n'kulemba teleneti, dzina limene ndinalilemba kwa moyo wanga wonse wa ntchito. Kompyuta inayankha kuti lamulo lotere silikudziwika. Ndinalembanso, ngati kuti inali isanamve bwino. Asiyatu anawerama pafupi ndi khutu langa nanong'ona kuti, "Bambo, fulashi ija muli nayo?" Che Bwanali anali chiimire pambali pathu ndi chiguduli cha girisi m'manja.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero. Wapampando wa alimi anasuzumira pakhomo nafunsa chimene chavuta. Ine ndinadzuka, n'kunena mokweza kuti onse amve: "Funsani mayiwa. Chida chimene chakhala chikukupatsani madzi zaka zonsezi anachichotsa ndi iwowa." Anthu anayamba kung'ung'udza. Mayi wina anati akazi ophunzira ndi otero. Asiyatu anakonza mpango wake, natseka laputopu, nayamba kukulunga waya.

Tinayesa njira zina zimene tinkazidziwa koma kabokosiko kanali kamakani, ndipo kulumikiza mota mwachidule a Mkandawire anakaniratu, poopa kuotcha chinthu chimene sitikanachipezanso. Panatsala njira imodzi, kukatenga phukusi kumene kuli intaneti. Galimoto inalibe mafuta obwerera. Asiyatu anaika laputopu m'chikwama, nakwera kabaza mpaka pamsewu waukulu, nadikira matola theka la tsiku. Ku boma anapeza magetsi atazima, ndipo atayaka intaneti inkaduka phukusi lili pakati. Nthabwala ya a Mkandawire ija inasanduka zoona, munthu anachita kukwera galimoto kukatenga phukusi, koma panalibe woseka. Ine ndinatsala ku Nkhunga, ndikutunga madzi ndi ndowa pamodzi ndi alimi kuchokera m'thamanda la kumunsi, ndipo ankandithokoza. Kuthokozako kunkandiwawa kuposa msana.

Asiyatu anabwerera Lachiwiri masana, fumbi lili m'nsidze. Windo lakuda linatseguka, ndinalemba nachisale, mota inadzuka. Koma nazale za kumtunda zinali zitapsa kale. Mabanja ambiri anafesanso, anawokera mochedwa, ndipo chaka chimenecho anakolola mpunga wochepa.

Novembala wa chaka chomwecho

Likulu linafuna lipoti. Linkafuna kudziwa zinthu ziwiri, wolakwa ndani, ndipo teleneti atani. A Mkandawire anandiitana, natseka chitseko. "A Mwale, mwapambana," anatero. "Munanena, munalemba mpaka kalata kwa azungu. Lembani kuti teleneti abwezeredwe m'makompyuta onse, ndipo kuti amene anamuchotsa sanaganize bwino. Kontilakiti ya mayi uja ikutha Disembala, sitidzachita kumuthamangitsa. Komanso kulikulu kuli mpando wopanda munthu, dzina lanu lamveka."

Zonse zimene ndinkafuna zinali pa tebulo limenelo. Za fulashi ankadziwa ndi Asiyatu yekha, ndipo anali asanauze munthu. Ankabwera ku ntchito, kundipatsa moni wa masiku onse, n'kukhala pa desiki yake. Tsiku lina ndinamuona akulemba kalata yofunsira ntchito kwina, ndipo atandiona anaitseka. Ndinalemba tsamba loyamba la lipoti monga a Mkandawire ananenera, ndipo linalembeka mosavuta. Amayi anu anaona kuti sindikudya bwino, koma nditawauza kuti ndi za ku ntchito sanafunsenso.

Lachisanu ndinapita ku Nkhunga kukaona kabokosi. Ndinadikira Che Bwanali abwere kuchokera ku mzikiti ku swala ya Ijumaa, ndipo tinakhala pa benchi pamthunzi wa nyumba ya mapampu. Anandifunsa za lipoti, poti nkhani zinali zitamveka kale. Ndinayamba kumufotokozera za anthu akunja amene amachotsa zinthu osaganizira ife, ndipo anandimvetsera mpaka ndinatopa ndekha. Kenako analowa m'nyumbamo natuluka ndi chitini cha mkaka chakale. Munali timalamba ta mota, mafyuzi awiri, ndi girisi wokulungidwa m'pepala la pulasitiki.

"A Teleneti, ine za makompyuta sindizidziwa," anatero. "Koma izi sakundisungira ndi a kulikulu. Azungu amene anapanga pampu iyi sadziwa kuti kuli Bwanali, ndipo sindiwadandaula. Akuluakulu anati phukusi la moyo umasunga wekha." Anatseka chitinicho pang'onopang'ono. "Tsiku lija ndinali pafupi. Makutu angawa akalamba, koma ndinamva mayi uja akufunsa za fulashi. Sanafunse ngati munthu wolota. Haki ya munthu, choyenera chake chimene mwamulanda, ndi yolemera, bwana. Mukaisenza kupita nayo ku Lilongwe, mudzatopa nayo panjira."

Pobwerera ndinakhala kumbuyo kwa lole ya makala, ndikulingalira. Chimene chinandivuta kwambiri sichinali kuvomera kuti ndinaiwala fulashi. Chinali kuvomera kuti Asiyatu ankanena zoona kuyambira pa kapepala kaja. Teleneti ndinkamukonda chifukwa anali unyamata wanga, osati chifukwa anali woyenera kukhala pa kompyuta ya kalaliki aliyense. Malo ake anali amodzi, pafupi ndi timabokosi takale timene sitinkamva chinenero china, ndipo kumusunga pamenepo inali ntchito yanga.

Ndinang'amba tsamba lija n'kulemba lina. Ndinalemba kuti Mayi Jafali anachita bwino kutsatira sisitimu yatsopano, kuti anandipatsa fulashi ndi malangizo omveka, ndipo kuti ine sindinachite. Ndinalemba kuti teleneti asabwezeredwe m'makompyuta a mu ofesi, koma phukusi lake likopedwe, lisungidwe m'nyumba ya mapampu iliyonse, ndipo liziyesedwa nthawi iliyonse sisitimu ikasintha. A Mkandawire anawerenga kawiri, navula magalasi. "Mukudziwa chimene mwadzichita?" Ndinati ndikudziwa. Ndinalandira kalata ya chenjezo, yoyamba ndi yotsiriza pa moyo wanga, ndipo mpando wa kulikulu unapita kwa wina. N'chifukwa chake munakulira kuno ku Nkhotakota osati ku Lilongwe, ngati munkadabwa.

Chinatsala ndi alimi. Pa msonkhano wawo wotsatira ndinapempha kuyankhula, ndipo ndinanena pamaso pa onse kuti ndinawanamiza. Sanandiombere m'manja. Bambo wina amene nazale yake inapsa yonse anandiyang'ana nati, "Ndiye madzi munkatunga aja munkalipira mlandu?" Ndinati eya. Asiyatu anali kumbuyo, ndipo pobwerera m'galimoto anangoti, "Zikomo bambo," n'kuyamba kukamba za mafyuzi.

Sabata yotsatira, nditakoperamo phukusi la teleneti, Che Bwanali anatenga fulashi ija, naikulunga m'kansalu, namanga ndi ulusi wa ukonde, naiika m'chitini chake. A Mkandawire atabwera kudzayendera anaitulutsa, naitembenuza m'manja. "Basi, lafika," anatero. "Ili ndiye phukusi."

Nditapuma, ku Kanyenda

Ndinapuma patapita zaka zinayi, n'kubwera kuno kumunda. Che Bwanali anatisiya chaka chotsatira, a Mkandawire anabwerera kwawo, ndipo amayi anu munawaika nokha m'manda, sindichita kukuuzani. Asiyatu ndiye anakhala mkulu wa zamakompyuta wa bungwe lonse. Fulashi ija inagwira ntchito kawiri ine nditachoka, ndipo ulendo uliwonse ankanditumizira uthenga pafoni wa mawu awiri okha, akuti phukusi lathandiza.

Chaka chatha, nthawi yokolola, galimoto inaima pakhomo pano ine ndikusenda chinangwa. Anatsika Asiyatu, imvi zitayamba kuonekera m'mphepete mwa mpango. Anandibweretsera thumba la mpunga wa ku Nkhunga, ndipo titakhala pakhonde anandiuza kuti mapampu akale achotsedwa. Aika atsopano oyendera dzuwa, amene amawayatsa ndi foni, ndipo kabokosi kotsiriza kolankhula teleneti kapita kwa ogula zitsulo. Ndinati ndi bwino, ndipo ndinkanena zoona.

Kenako anatulutsa kaphukusi kaja m'chikwama, kansalu katada ndi girisi, ulusi wa Che Bwanali udakali pomwepo. "Ku ofesi anati titaye," anatero. "Ndinati mwini wake alipo." Nditamasula ndinapeza fulashi, ndipo pansi pake panali kapepala kopinda, kachikasu ndi ukalamba. Ndinakadziwa ndisanakatsegule.

"Munasunga zaka zonsezi?"

"Silinali dzina loti n'kutaya m'bini, bambo. Ndinalichotsa pamsewu, ndiye ndinati ndilisunge mpaka ndidzalibweze kwawo."

Ndinalira pamaso pa mlendo, ndipo iye anayang'ana kumbali mpaka nditatha.

Kaphukusiko kali m'dilowa ya m'chipinda changa, pansi pa Baibulo la amayi anu. Mukadzakhala mukugawana zinthu zanga mudzakapeza, ndipo mmodzi wa inu adzati ndi zinyalala za adadi. Fulashiyo mukhoza kutaya, palibenso makina padziko pano amene akuidikira. Kapepalako musataye.